Pepala Limatayikira pa Bowo



Pamisonkhano ya chitukuko anthu amayembekezera kumva za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu. Nkhani ya lero ndi yaing'ono kuposa zimenezo. Ndi ya chiboolero cha mapepala, kachipangizo kachitsulo kamene m'maofesi amakatcha panchi, ndiponso mabowo awiri amene kamasiya m'mphepete mwa pepala. Wina angaganize kuti khonsolo yasowa chokamba. Koma aliyense amene anakhalapo mlembi wa VDC, wa komiti ya sukulu kapena wa komiti ya asodzi pagombe akudziwa kuti mapepala ambiri a komiti sabedwa ayi. Bowo limang'ambika, pepala limapulumuka m'fayilo, ndipo tsiku limene pepalalo likufunika palibe amene amakumbuka kumene linagwera.

Chiyambire 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, chitukuko chimayenera kuyambira m'mudzi. Anthu amakumana, nagwirizana chimene akufuna; VDC imatengera nkhaniyo ku ADC, ndipo ADC imaifikitsa ku khonsolo kuti ilowe mu dongosolo la chitukuko cha boma lonse. Ulendo wonsewu nkhaniyo imayenda papepala. Mudzi wa kwa Makanjira ukanena kuti unapempha mjigo zaka zitatu zapitazo, funso loyamba limakhala lakuti maminitsi a msonkhanowo ali kuti. Mdadada wa sukulu ukaima panjira kwa Nankumba, ofufuza amafuna kuona mgwirizano wa kontrakitala, chikalata cholandirira simenti ndi malata, ndi siginecha ya amene anavomereza kuti ntchito yafika pamlingo wolipira. Pepala limodzi likasowa pakati pa mapepala amenewa, mlandu umasanduka wa mawu okhaokha, ndipo pamlandu wa mawu amapambana ndi wodziwa kulankhula, osati amene akunena zoona.

Khonsolo nayonso imayesedwa chimodzimodzi. Chaka ndi chaka makhonsolo a m'dziko muno amaunikidwa kudzera mu ndondomeko yotchedwa LAPA, ndipo zotsatira zake zakhala zikukhudza ndalama zimene khonsolo imalandira pansi pa GESD, pulojekiti yothandizidwa ndi World Bank. Ounikawo sapereka malikisi chifukwa chakuti wina walumbira kuti msonkhano unachitika. Amafuna kuona mndandanda wa amene anabwera, tsiku, ndi chidindo. Ntchito yochitika bwino koma yopanda pepala lake imawerengedwa ngati sinachitike. Palinso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Lamulolo limalola munthu wa ku Namwera kapena ku Monkey Bay kufunsa kuti ndalama za CDF zinagwira ntchito yanji m'dera lake. Ufuluwo ndi weniweni, koma umathera pamene fayilo yathera.

Tsono chiboolerocho. Chinachokera ku Germany, kumene Friedrich Soennecken analembetsa umwini wa luso lake mu 1886, ndipo patapita zaka khumi Louis Leitz wa ku Stuttgart anatulutsa fayilo yachikuto cholimba yokhala ndi zitsulo ziwiri zopindika, yofanana ndi imene imaoneka m'mashelefu a maofesi lerolino. Kagwiridwe kake n'kosavuta. Munthu akadina mpini, timipeni tiwiri tozungulira timatsika n'kulowa m'timabowo ta chitsulo cha pansi, ndipo pepala limadulidwa pakati pa zitsulo ziwirizo monga mmene sizasi imadulira nsalu. Muyeso wake unagwirizanidwa pa dziko lonse ndipo umatchedwa ISO 838: mabowo awiri otalikirana mamilimita 80, lililonse lotambasuka pafupifupi mamilimita 6, ndipo pakati pa bowo pamakhala mamilimita 12 kuchokera m'mphepete mwa pepala. N'chifukwa chake kalata yobooledwa ku Malindi imakwana bwinobwino m'fayilo ya ku Lilongwe.

Pa manambala onsewa, yofunika kuisunga m'mutu ndi ya mamilimita 12. Bowo lenilenilo likachotsedwapo, kachigawo ka pepala kotsala pakati pa bowo ndi m'mphepete sikakwana ngakhale sentimita imodzi, ndipo kachigawo kameneko ndiko kamanyamula pepala lonse nthawi iliyonse imene wina akutembenuza masamba. Bowo lozungulira bwino, lodulidwa ndi mpeni wakuthwa, limagawa mphamvu ya kukokako mozungulira monse. Bowo la msomali, la cholembera kapena la nsonga ya mpeni wa kukhitchini silidula pepala koma limaling'amba, ndipo m'mbali mwake mumatsala timing'alu tosaoneka ndi maso. Kukoka kulikonse kumatalikitsa kamng'alu kamodzi mpaka katafika m'mphepete. Asodzi a pa Nyanja ya Malombe safunika kuwauza zimenezi: diso limodzi la ukonde likaduka n'kusiyidwa, mawa ukondewo umabwera ndi chibowo cholowa mutu wa munthu.

Ngakhale chiboolero chabwino chimaononga chikagwiritsidwa ntchito mwaphuma. Chilichonse chili ndi malire a mapepala amene chingadule nthawi imodzi, ndipo mlembi akapanikiza mtolo waukulu, mapepala a pansi amatafunidwa m'malo modulidwa. Cholakwika china chofala ndi kuboola mongoyerekeza. Pepala lina mabowo ali kumtunda, lina kumunsi, ndipo m'fayilo masamba amatuluka uku ndi uku n'kumapindika m'mphepete. Ziboolero zambiri zimabwera ndi kandodo koyezera kokhala ndi chizindikiro cha A4; kumene kandodoko kanathyoka, kupinda pepala pang'ono pakati n'kulunjikitsa mpindowo pa chizindikiro cha pakati pa chiboolero kumakwanira. Ndipo wolemba maminitsi azisiya mpata wa zala ziwiri kumanzere kwa tsamba. Zimachitika kuti bowo lagwera pa nambala, n'kudya ziro kapena chiwerengero choyamba cha ndalama, ndipo msungichuma wosalakwa amavutika kufotokoza chifukwa chake mabuku sakugwirizana.

Pali mapepala ena amene amatsegulidwa kawirikawiri kotero kuti bowo labwino lokha silikwanira: tsamba loyamba la fayilo, mndandanda wa mamembala, malamulo a komiti, mgwirizano wa kontrakitala. Kaamba ka mapepala otere, opanga zipangizo za muofesi anakonza ziboolero zimene zimalimbitsa bowo pamene zikuboola. Zina zimakhala ndi mpukutu wa tepi yopyapyala m'kati: podina mpini, tepiyo imamatika pa pepala ndipo mpeni umadutsa pa zonse ziwiri, kotero kuti bowo limatuluka litavala kale. Zina zimaika kamphete kachitsulo pa bowo, kofanana ndi kamene kamakhala polowa chingwe cha nsapato kapena m'mphepete mwa tenti. Palinso timphete ta pepala kapena ta pulasitiki tomatika, timene munthu amamata ndi dzanja ataboola kale.

Komiti ya m'mudzi isataye ndalama kufunafuna makina oterewa. Chofunika ndi nzeru imene ili m'makinawo, ndipo nzeruyo ndi yotchipa: kulimbitsa kaye, kuboola pambuyo. Mlembi adule kachidutswa ka pepala lolimba, monga ka envelopu yakale yakhaki, katali ngati chikhatho, akamate ndi guluu kumbuyo kwa tsamba m'mphepete mwa kumanzere, adikire kaume, ndiyeno aboole. Tsamba lotere limapirira kutembenuzidwa kwa zaka. Ambiri amathamangira tepi yoonekera ija yomatira makatoni, ndipo pa pepala la chaka chimodzi palibe vuto. Koma pa kutentha kwa Mangochi tepiyo imachita chikasu, guluu wake amasungunuka n'kumata tsamba loyandikana nalo, ndipo ikasupuka imasiya banga losachoka. Osunga zolemba zakale amaikana tepi imeneyi pa chifukwa chomwechi.

Nyengo ya kunyanja ili ndi zake. M'dzinja chinyezi chimafewetsa pepala, ndipo pepala lofewa limang'ambika msanga pa bowo. Mapini a sitepula ndi timawaya topanira mapepala timachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limadya pepala mpaka ngodya yonse kuthothoka. M'maofesi a boma akale ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankamanga mafayilo ndi kachingwe kakafupi kokhala ndi timitu kunsonga zonse ziwiri, kamene kakugwirabe ntchito m'makaundula ambiri mpaka lero. Chiswe ndi mphemvu zimakonda katoni yoikidwa pansi motsamira khoma. Ndipo madzi onse anawaona: namondwe Ana mu 2022, Freddy mu 2023, ndi kukwera kwa Nyanja ya Malawi mu 2024 kumene kunalowetsa madzi m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja. Pa tsiku lotere munthu amanyamula chimene manja angagwire. Fayilo yomangidwa imanyamulika kamodzi pamodzi ndi mwana ndi bulangeti. Mapepala omwazikana m'beseni, m'thumba la shuga ndi pansi pa matiresi amatsala.

Si pepala lililonse loyenera kuboola, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri. Chikalata cha umwini wa malo choperekedwa motsatira lamulo la malo a makolo la 2016, satifiketi ya sukulu, chikalata cha kubadwa kwa mwana, laisensi ya usodzi: zonsezi zisabooledwe. Chikalata chenichenicho chisungidwe mu envelopu, pamalo ouma ndi okwera, ndipo chimene chilowe m'fayilo chikhale fotokope yake. Amene amaika zikalata m'timatumba ta pulasitiki aonetsetse kuti pepala ndi louma asanalitsekere, poti pulasitiki imasunga chinyezi monga mmene imachiletsera kulowa. Malisiti a m'masitolo ndi m'malo omwetsera mafuta, aja osalala otuluka m'kamakina, ali ndi vuto lawolawo. Zolemba zake zimapangidwa ndi kutentha, ndipo kutentha komweko kumazifufuta. Pakatha miyezi ingapo msungichuma amapeza kapepala koyera. Lisiti lotere lijambulidwe sabata yomweyo, ndipo lenilenilo limatidwe pa fotokopeyo asanaiboole.

Bowo lolimba limateteza pepala kuti lisagwe lokha, koma silingaletse dzanja limene likufuna kulichotsa. Pa ichi makaundula a boma ali ndi mwambo wakale woyenera kutengera. Pepala lililonse lolowa m'fayilo limapatsidwa nambala pa ngodya ya kumtunda, motsatana, ndipo m'kati mwa chikuto mumalembedwa mndandanda wa manambalawo ndi chimene pepala lililonse likunena. Pambuyo pa 17 pakabwera 19, ngakhale mwana wa pulayimale amaona kuti china chachoka, ndipo mndandanda uja umaulula kuti chinali chiyani. Mwambowu umateteza mudzi, komanso umateteza mlembi mwiniwake. Makomiti amasinthana pakatha nthawi yawo, ndipo nthawi yosinthanayi ndi imene mbiri yabwino ya anthu imaonongekera m'midzi. Mlembi wopereka fayilo ya masamba 64, wolandira n'kuwawerenga pamaso pa amfumu, onse awiri n'kusainira, sadzaitanidwanso pabwalo kudzayankha za pepala limene linasowa iye atachoka kale.

Achinyamata amafunsa kuti bwanji osangojambula zonse pafoni. Funsolo n'labwino, ndipo kujambulako kuchitike, tsiku lomwelo pepala lisanalowe m'fayilo. Koma foni ndi ya munthu, si ya komiti. Imagwera m'madzi, imagulitsidwa nthawi ya njala, imapita ku Joni ndi mwini wake. Chithunzi chimathandiza posonyeza kuti pepala linalipo, koma pamkangano wa malire a munda kapena wa ndalama za polojekiti, oweruza amafunabe kuona siginecha ndi chidindo pa pepala lenileni. Phindu lalikulu la kujambula ndi lakuti uthenga umakhala malo awiri. Mbiri ya boma lino ikuchitira umboni: mu 1919 moto unapsereza likulu la boma la atsamunda ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira, nthawi imene Fort Johnston, Mangochi wa lero, inali itangokhazikitsidwa mu 1891, zinapita ndi motowo. Zambiri zimene akatswiri a mbiri amadziwa za zaka zimenezo zinapulumuka chifukwa makalata ena anali atatumizidwa ku London. Nyumba yosungira zolemba za dziko imene ili ku Zomba inadzakhazikitsidwa mu 1947, motowo utadya kale zake.

Chimene makomiti akupemphedwa n'chochepa. Komiti iliyonse ikhale ndi chiboolero chimodzi ndi mafayilo awiri, ina ya maminitsi ndi makalata, ina ya ndalama. Kumene komiti imodzi singakwanitse, makomiti a kwa gulupu mmodzi asonkherane n'kugula chimodzi, chizikhala pasukulu kapena kwa mlembi wa ADC, ndipo chilembedwe m'buku la katundu kuti chisasanduke cha pabanja. Pamsonkhano wotsatira wa VDC, mlembi abwere ndi mapepala onse amene ali nawo, ngakhale ong'ambika ndi onyowapo. Mamembala awasanje motsatira masiku, amate zigamba pa mabowo oduka, alembe manambala, ndipo wapampando asainire tsamba lomaliza mafumu akuona.