Liwiro la Njinga pa Msewu Wopanda Chitunda

Lero tikambirana za chinthu chimene mumachiona m'mawa uliwonse popita ku sukulu, ndicho njinga. Ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku George, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, kunja kukangoyera njinga zimayamba kutuluka m'makomboni. Ina yasenza matumba a makala, amene pano timati malasha. Ina yanyamula ndiwo zamasamba za ku msika wa Soweto. Ina yakweza bambo wopita ku ntchito. Loweruka ndi Lamlungu mumaonanso anthu ovala zipewa zolimba akupalasa njinga zopepuka mu msewu wa Leopards Hill, osati pa ulendo wa ntchito ayi, koma pofuna kulimbitsa thupi ndi kusangalala. Tsono funso lathu ndi ili: kodi munthu wamba angathamange motani pa njinga ngati msewu ulibe chitunda kapena mtsetse?

Poyamba timvetsetse mawu akuti liwiro. Liwiro timalidziwa pofunsa kuti, pa ola limodzi munthu angayende mtunda wautali bwanji? Munthu wamkulu woyenda pansi amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola. Wopalasa njinga mosadzipanikiza, amene angathe kucheza ndi mnzake akupalasa, amayenda makilomita 15 kufikira 20. Wozolowera, wokhala ndi njinga yopepuka ya magiya, amatha kusunga liwiro la makilomita 25 kufikira 30 kwa ola lathunthu. Akatswiri a mpikisano waukulu wa ku France, wotchedwa Tour de France, amapitirira makilomita 40 pa ola, ngakhale kuti m'njira mwao muli mapiri. Taonani kuti ngakhale wopalasa mwaulesi amaposa woyenda pansi katatu. Ichi ndicho chifukwa chake njinga ili chuma chachikulu pa banja.

Tiyeni tione m'mene liwiroli limabadwira. Mukakafika kunyumba, mukapemphe chilolezo kuti muyang'anitsitse njinga ya bambo kapena ya amalume. Tcheni chimakola magudumu awiri a mano, lalikulu pamene pali zopondera ndi laling'ono ku wilo lakumbuyo. Mukawerenge manowo. Tiyerekeze kuti lalikulu lili ndi mano 44 ndipo laling'ono lili ndi mano 22. Ndiye kuti zopondera zikazungulira kamodzi, wilo lakumbuyo lizungulira kawiri. Wilo la njinga zikuluzikulu zonyamulira katundu likazungulira kamodzi limayenda mamita 2 ndi masentimita 20 kapena kupitirira pang'ono. Choncho kuzungulira kumodzi kwa zopondera kumakupititsani mamita 4 ndi masentimita 40. Mukazunguza zopondera ka 60 pa mphindi imodzi, mwayenda mamita 264. Pa ola lathunthu mwayenda makilomita pafupifupi 16. Aphunzitsi, lembani masamu amenewa pa bolodi kuti ana awatsate okha.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangopalasa mofulumira kawiri kuti liwiro lifike makilomita 32? Yesani, ndipo mudzaona kuti pasanapite mphindi zambiri mudzayamba wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Msewu ndi womwewo, chitunda palibe, nanga chikukutopetsani nchiyani? Mdani wake saoneka ndi maso: ndi mpweya. Ife timakhala pakati pa mpweya monga nsomba zimakhalira m'madzi, ndipo kuti tipite patsogolo tiyenera kuukankhira pambali. Mukafuna umboni, thamangani pa bwalo la sukulu manja ali chabe, kenaka muthamangenso mutagwira katoni yaikulu yotambasula pachifuwa. Mudzamva ngati pali wina akukubwezani.

Mpweya uli ndi lamulo lake louma. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mpweya umakubwezerani m'mbuyo imawirikiza kanayi. Ndipo ntchito imene miyendo yanu iyenera kugwira pa mphindi iliyonse kuti igonjetse mpweyawo imawirikiza kasanu ndi katatu. Ndicho chifukwa chake kuchoka pa makilomita 10 kufika pa 15 nkosavuta, koma kuchoka pa 25 kufika pa 30 kumafuna miyezi ya kuzoloweza thupi. Ndicho chifukwa chakenso akatswiri amawerama kwambiri pa njinga, amavala zovala zothina, ndiponso amayenda mondondozana kuti wam'mbuyo abisale kumsana kwa wam'tsogolo.

Pali mpikisano wina umene munthu amapalasa yekha kwa ola limodzi, kuzungulira bwalo losalala lopanda chitunda. M'chaka cha 1972, Eddy Merckx wa ku Belgium anayenda makilomita 49 ndi mamita 431 mu mzinda wa Mexico City. Anasankha mzindawo dala, pakuti uli pamwamba mamita oposa 2,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumalo okwera mpweya umakhala wopepuka. Patapita zaka 50, mu 2022, Filippo Ganna wa ku Italy anayenda makilomita 56 ndi mamita 792 ku Grenchen m'dziko la Switzerland, pa njinga yopangidwa mwaluso kuti izing'amba mpweya. Taganizani: zaka 50 za nzeru ndi zipangizo zatsopano zinangowonjezera makilomita 7 okha. Mpweya sugonja msanga.

Ifenso a mu Lusaka tili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,280, kotero kuti mpweya wathu ngwopepukirapo kusiyana ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Koma tili ndi mphepo. Inu nonse mukudziwa mwezi wa Ogasiti, pamene fumbi limadzaza m'maso ndipo zovala zimauluka pa chingwe. Kawirikawiri mphepo yathu imachokera chakum'mawa. Choncho bambo wa ku Mtendere kapena ku Kalingalinga popita m'tauni mphepo imamukankha kumsana, koma pobwerera imamumenya pamaso. Mnzake wa ku Kanyama kapena ku George, amene amakhala chakumadzulo, amayamba wavutika popita, nadzapepukidwa pobwera. Munthu wopalasa pa makilomita 15 molimbana ndi mphepo ya makilomita 15 amakankhana ndi mpweya wofanana ndi wa munthu wothamanga makilomita 30 tsiku lopanda mphepo. Msewu wopanda chitunda umasanduka phiri.

Palinso akuba ena ang'onoang'ono a liwiro. Tayala lopanda mpweya wokwanira limaphwatalala pansi ndi kudya mphamvu zanu. Tcheni chouma, cholira kwekwekwe, chimafuna dontho la mafuta. Buleki yokhudza wilo imakugwirani ngati mwana wokakamira chitenje cha amake. Msewu wa miyala ndi maenje nawonso umachepetsa liwiro kusiyana ndi wa tala. Zitatu zoyambazo mungathe kuzikonza nokha musananyamuke.

Tsopano tafika pa mfundo imene tikufuna kuti musaiiwale. Tiyerekeze kuti mwatumidwa ulendo wa makilomita 6. Pa liwiro la makilomita 15 mudzatenga mphindi 24. Pa makilomita 20 mudzatenga mphindi 18. Pa makilomita 25 mudzatenga mphindi 14 ndi masekondi 24. Ndiye kuti mukadzikakamiza kuchoka pa 20 kufika pa 25, ntchito yolimbana ndi mpweya ikhala pafupifupi kawiri, koma phindu lanu silifika ndi mphindi 4 zomwe. Nanga mtengo wake? Munthu akaona choopsa, pamapita sekondi imodzi kapena kupitirira asanagwire mabuleki. Pa makilomita 18 pa ola, sekondi imodziyo njinga yayenda kale mamita 5. Pa makilomita 36 yayenda mamita 10. Ndipo mabuleki akagwira, njinga yothamanga kawiri imafuna mtunda wowirikiza kanayi kuti iime.

M'njira za m'komboni mamita 5 ndi ambiri. Mwana wothamangitsa mpira amatulukira mwadzidzidzi kuseri kwa mpanda. Minibasi imaima paliponse pamene yaona wokwera. Chitseko cha galimoto chimatseguka osachenjeza. M'nyengo ya dzinja, makamaka ku Kanyama kumene madzi a mvula amandenga chifukwa dziko lake nlathyathyathya ndipo thanthwe lili pafupi, dzenje limabisala pansi pa chithaphwi, ndipo mabuleki onyowa amachedwa kugwira. Akulu akale anati kuthamanga sikufika. Wofuna kupeza mphindi 4 anyamuke msanga ndi mphindi 4, osati kuzifuna pa msewu. Yendani kumanzere, lizani belu, tambasulani dzanja musanakhote, ndipo musayese ngakhale tsiku limodzi kugwira kumbuyo kwa lole kuti ikukokeni.

Aphunzitsi, nayi ntchito ya sabata ino. Yezani mamita 100 pa bwalo la sukulu, kutali ndi msewu, ndipo mulembe mizere iwiri. Wopalasa ayambire patali kuti adutse mzere woyamba ali kale pa liwiro lake la masiku onse. Werengani masekondi mpaka adutse mzere wachiwiri, kenaka gawani 360 ndi masekondiwo. Yankho lake ndilo makilomita pa ola. Masekondi 24 ndi makilomita 15, masekondi 20 ndi makilomita 18, masekondi 18 ndi makilomita 20. Yezaninso woyenda pansi. Mukatero bwerezani tayala litapopedwa bwino ndiponso litachepetsedwa mpweya, poyenda ndi mphepo ndiponso polimbana nayo. Usakhale mpikisano ayi. Wopambana ndi amene wayeza molondola. Ana alembe zimene apeza m'makope mwao, ndipo aliyense akafotokozere makolo ake.

Kwa lero tilekeze pomwepa.