Ogasiti wafika, koma tisapinde mabulangete



Sabata yathayi ndili pa mzere wa pa mjigo ndinamva amayi awiri akutsutsana. Wina amati chaka chino kwazizira kuposa kale, mnzake amati ayi, dzinja la fumbi layamba msanga ndipo kwatentha kale. Ine ndati onse awiri akunena zimene thupi lawo lamva, koma thupi limaiwala. Ndakhala kuno ku Dzaleka kuyambira ndili mnyamata, ndipo chaka chilichonse ndimamva mkangano womwewu.

Anthu a ku nthambi yoona za nyengo sadalira kukumbukira. Ali ndi malo oyezera nyengo, monga ku Chitedze ndi ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, komwe amalemba kutentha ndi kuzizira tsiku lililonse. Akafuna kudziwa ngati chaka chasiyana ndi zaka zina, amachiyerekeza ndi zimene zinalembedwa pa zaka 30. Panopa mayiko ambiri akugwiritsa ntchito zaka za 1991 mpaka 2020. Choncho usiku umodzi wozizira kwambiri sutanthauza kuti nyengo yasokonekera.

Nanga zolembedwazo zimati bwanji? M'dera la Lilongwe, Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yozizira kwambiri. Mu Julayi masana kumafika madigiri opitirira pang'ono 20, koma m'bandakucha kumatsika kufika cha m'ma 10 kapena kutsikirapo. Mu Ogasiti masana kumayamba kufunda, pamene usiku kumasintha pang'ono chabe. Chifukwa chake n'chakuti kumwamba kumakhala kopanda mitambo, ndiye kutentha konse kwa masana kumathawa dzuwa likangolowa. Kuno ku Dowa ndi kokwera kuposa ku Lilongwe, ndipo malo akakhala okwera amazizira kwambiri. Onjezanipo mphepo ya Ogasiti imene imalowa m'ming'alu ya zipupa zathu.

Apa ndi pamene pali vuto. Dzuwa la masana limatinamiza. Ena amagulitsa bulangete kuti apeze ya ufa, poganiza kuti chisanu chatha. Usiku kukazizira, amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko.

Chaka chatha mwezi ngati uno, a neba anga anachita zimenezi. M'mawa tinaona kuti sakutuluka, tinagogoda mpaka kukankha chitseko. Tinapeza mayi akulephera kuimirira, mwana wawo wamng'ono akusanza. Tinawatulutsa panja n'kuthamangira nawo kuchipatala, ndipo mwamwayi onse ali moyo. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, koma munthu amene ali m'tulo sadziwa kanthu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mbaula izimitsidwe kapena itulutsidwe panja tisanagone. Wina akamva mutu kapena chizungulire pafupi ndi makala, mutulutseni panja msanga ndipo mupite naye kuchipatala. Ana aang'ono tiwaveke chipewa ndi masokosi usiku, tiyale katoni kapena thumba pansi pa mphasa, ndipo timate ming'alu ndi dothi. Mwana akamatsokomola n'kumapuma mofulumira, tisadikire kuti kuche kawiri, chikhoza kukhala chibayo. Phulusa tilithire madzi tisanalitaye, chifukwa nyumba zathu ndi zothithikana. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 kuti musungidwe anthu pafupifupi 10,000, koma lero tapitirira 50,000. Moto wa nyumba imodzi pa mphepo ngati iyi sukhala wa banja limodzi.

Pomaliza, tiyeni tiziyendera agogo ndi anzathu amene angofika kumene, makamaka ochokera kumadera otentha, omwe sakudziwa kuti Dowa amazizira chonchi. Mabulangete tidzapinde Seputembala akakhazikika.