Zikalata za ku Zomba Zibwere ku Mulanje



Pa 3 February 1915 asilikari a atsamunda adaombera John Chilembwe m'boma lathu lino la Mulanje, akuthawira ku Mozambique. Mtembo wake adauika mobisa. Lero nkhope yake ili pa ndalama, pa 15 January timapuma, koma ndani muno angandilozere manda ake?

Zimene zidalembedwa masiku amenewo si nthano ayi. Zina zili ku London, zina ku Zomba, ku National Archives, nyumba yosungira zikalata za boma yomwe idayamba ntchito mu 1947. Zambiri zidapsa mu 1919 moto utagwira maofesi a boma ku Zomba. Zotsalazo nza m'Chingerezi, ndipo mu ulamuliro wa chipani chimodzi munthu sunkangolowa nkuyamba kufunsa mafunso. Inu amene mudabwerako ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam mukudziwa chimene chinkamuonekera wofunsa.

Chipata chidatseguka, inde. Koma mayi wothyola tiyi ku Muloza aipeza kuti ndalama ya minibasi yokawerengera Chingerezi ku Zomba?

Lamulo limati nyuzipepala iliyonse yotuluka m'dziko muno izikasiya kope kumeneko. Ife atolankhani timakasiya. Nawonso atibwezere: ajambule zikalata za 1915, azimasulire m'Chichewa ndi m'Chilomwe, aziike m'sukulu zathu ndi pa boma pano. Aphungu athu, mukapita ku Nyumba ya Malamulo mukafunse ndalama za ntchito imeneyi.