Maphunziro Akuya a Sayansi ya Zamoyo: Phunziro Lochokera kwa Kodikodi wa Chinangwa

Mawu olankhulidwa kwa alangizi a zaulimi



Uphungu umene mlangizi amapita nawo kwa achikumbi sugwa kuchokera kumwamba. Kumbuyo kwake kumakhala zaka zambiri za maphunziro ndi kafukufuku. Mbiri ya kodikodi wa chinangwa ikuchitira umboni zimenezi.

Kachilomboka kanayamba kuoneka mu Africa m'chaka cha 1973 m'madera a Kinshasa ndi Brazzaville. Kamayamwa madzi a kunsonga kwa chinangwa, masamba nkukwinyika, mbewu nkupinimbira. M'zaka za m'ma 1980 kanali katafika ku Luapula m'dziko la Zambia ndi ku Nkhata Bay m'Malawi, kumene kondoole ndiye chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo mabanja ambiri anagona ndi njala. Kupopera mankhwala sikukanatheka m'minda yaing'onoing'ono yochuluka chotero.

Thandizo linachokera kwa anthu ophunzira mozama. Katswiri wozindikira mitundu ya tizilombo, Danièle Matile-Ferrero wa ku France, anakalongosola kachilomboka mu 1977 nakatcha Phenacoccus manihoti. Hans Herren wa ku Switzerland, amene analandira digiri ya udokotala ku Zurich chaka chomwecho, analowa ntchito ku IITA, ku Ibadan, mu 1979. Iye anaganiza motere: popeza chinangwa kwawo ndi ku South America, kodikodinso kwawo ndi komweko, ndipo kumeneko ayenera kukhala ndi adani omuchepetsa. Mu 1981 Anthony Bellotti wa ku CIAT anamupeza ku Paraguay. M'deralo munapezekanso kamavu kakang'ono kotchedwa Anagyrus lopezi, kamene kamaikira dzira m'thupi la kodikodi, mphutsi yake nkumudya kuchokera m'kati. Atakayesa ku England kuti kasabwere ndi vuto lina, anakamwaza ku Nigeria, kenaka m'maiko oposa 20, kuphatikizapo a m'chigawo chino. Chinangwa chinachira popanda mchikumbi kulipira kanthu, ndipo Herren analandira mphotho ya World Food Prize mu 1995.

Mutu umodzi susenza denga. Ntchitoyi inafuna wozindikira mitundu ya tizilombo, woweta mavuwo, wowerengera zotsatira, ndiponso mlangizi wodziwa munda umene wagwidwa. Iliyonse mwa ntchitozi ndi njira imene wophunzira sayansi ya zamoyo angatsate. Palinso obereketsa mbewu zatsopano, ofufuza matenda monga khate la chinangwa, oyang'anira mbewu zolowa pamalire a dziko, ndi aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede.

Njira yake ndi yodziwika. Womaliza digiri yoyamba amachita digiri yachiwiri, kawirikawiri kwa zaka ziwiri: amasankha funso limodzi, nayesa m'munda kapena m'labotale motsogozedwa ndi mphunzitsi wake, nalemba zimene wapeza. Digiri ya udokotala imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo imafuna kuti munthu atulukire chinthu chimene sichinkadziwika. Ku Bunda, imene tsopano ili pansi pa LUANAR, maphunziro otere alipo. Bungwe la RUFORUM, lokhazikitsidwa mu 2004, limathandiza ophunzira a m'mayunivesite a mu Africa. Ndipo malo a kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe ndi Mkondezi ali ndi minda yoyeserapo.

Mlangizi asadzione wochepa pa njirayi. Iye ali kale ndi chimene ambiri amachisowa: amadziwa mafunso enieni a achikumbi. Kulemba tsiku, malo, mtundu wa mbewu ndi kukula kwa chiwonongeko ndiko chiyambi cha kafukufuku. Amene sangabwerere kusukulu angathe kulandira bwino ophunzira obwera m'dera lake, ndi kulimbikitsa ana a achikumbi okonda sayansi.

Kodikodi sanali mlendo womaliza. Mu 2016 mbozi ya ntchemberezandonda yochokera ku America inapezeka mu Africa, ndipo pofika 2017 inali m'chimanga cha chigawo chino. Adzabweranso ena. Tsiku limenelo chigawochi chidzafunika akatswiri akeake, odziwa nthaka yake ndi chilankhulo cha achikumbi ake, ndipo ena mwa iwo ayenera kuchokera pakati pa alangizi.