Kudekha kwa Mtima pa Matenda a Mgonagona

Alipo matenda amene amabwera ndi kupita, monga malungo ndi chimfine. Koma alipo enanso amene akalowa m'thupi sachoka msanga: nyamakazi, mphumu, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kupweteka kwa msana. Amenewa ndiwo matenda a mgonagona. Wodwala amamwa mankhwala mwezi ndi mwezi, koma usiku ukafika, anzake onse atagona, iye amatsala yekha ndi ululu wake, akuganiza za munda wosalimidwa ndi za ana ofuna fizi. Nkhani ya lero ikufotokoza zimene munthu wotere angachite ndi maganizo ake poonjezera pa chithandizo cha kuchipatala.

Choyamba, nkhawa sithera m'mutu mokha. Munthu akachita mantha, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Pamenepo mtima umagunda mofulumira, minofu imakungika, ndipo shuga amachuluka m'magazi. Zimenezi nzothandiza kwa munthu amene wakumana ndi njoka panjira, pakuti ayenera kuthawa. Koma wodwala wokhala ndi nkhawa tsiku ndi tsiku amakhala ngati akuthawa njoka yosaoneka. Tulo timasowa, thupi limatopa, ndipo ululu umamveka koposa.

M'chaka cha 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti uthenga wa ululu usanafike ku ubongo umadzera pa malo ena okhala ngati chipata mu mtsempha waukulu wa m'msana, ndi kuti ubongo uli nayo mphamvu yotsekula chipatacho kapena kuchitsekako. Ichi n'chifukwa chake mnyamata wovulala pa mpira nthawi zina sazindikira bala lake kufikira masewera atatha.

Dokotala wa matenda a mtima wa ku Harvard m'dziko la America, Herbert Benson, anaona kuti thupi lingathe kuphunzitsidwa kudekha. M'buku lake la mu 1975, The Relaxation Response, iye analongosola njira yapafupi. Munthu akhale pansi pamalo a zii ndi kutsinzina. Amasule minofu yake pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi kufikira kumaso. Azipumira m'mphuno mosathamanga, ndipo nthawi iliyonse pamene akutulutsa mpweya azinena liwu limodzi chamumtima. Amene afuna angagwiritse ntchito pemphero lalifupi la chipembedzo chake. Maganizo ena akabwera asalimbane nawo, koma angobwerera ku mpweya wake ndi liwu lija. Achite zimenezi kwa mphindi 10 kapena 20, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Benson anapeza kuti potero kugunda kwa mtima ndi kupuma zimatsika.

M'chaka cha 1979 Jon Kabat-Zinn anatsekula kiliniki pa chipatala cha University of Massachusetts mu mzinda wa Worcester, kumene madokotala ankatumizako odwala a ululu wosatherapo. Njira yake anaitenga ku kusinkhasinkha kwa Abuda, koma anaiphunzitsa mosakhudza chipembedzo. Maphunziro ake anali a masabata 8, ndipo odwala ankayeserera kunyumba kwa mphindi 45 pa tsiku. Iwo ankaphunzira kutchera khutu ku thupi lawo, chiwalo ndi chiwalo, ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri: kupweteka kwenikweni kwa bondo, ndi mantha onena kuti moyo wonse watha. Ambiri anati ululu sunachokeretu, koma unaleka kuwalamulira.

Apa mpofunika chenjezo. Kusinkhasinkha si mankhwala ochiritsa shuga, khansa kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti phindu lake pa ululu nlocheperapo, ngakhale kuti lilipo ndithu. Wodwala asasiye mapiritsi, jakisoni wa insulin kapena ma ARV poganiza kuti wapeza njira ina. Ululu wachilendo, kubanika kapena kupweteka kwa pamtima n'zofunika kuthamangira nazo kuchipatala. Ndiponso amene anaona zoopsa m'mbuyomu, akaona kuti kukhala chete kukumukumbutsa zowawa, aleke kaye ndi kukambirana ndi dokotala.

Achibale nawonso ali ndi gawo lawo. Wodwala akakhala phee pakhonde m'mawa, asamunene kuti wayamba ulesi, koma atsitseko wailesi ndi kuwauza ana akasewerere patali. Masiku oyamba maganizo adzayendayenda, ndipo iye adzaona ngati akungotaya nthawi. Asafooke, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku umodzi wa tulo tabwino, kapena mphamvu zoyenda kukafika kumsika, si zinthu zazing'ono kwa munthu amene wadwala zaka zambiri.