Mwana akatisiya chifukwa cha kachasu

 Lero ndikulankhula ndi inu amayi ndi abambo amene munaika mwana m'manda chifukwa cha mowa.

Pa maliro otere sipalephera manong'onong'o. Ena amati wadzipha yekha ndi botolo, ena amati analodzedwa, enanso amati Mulungu sakamulandira. Mayi akamva zimenezi amalira kawiri.

Tamverani. Uchidakwa ndi matenda, si ufiti. Kachasu wa tsiku ndi tsiku amaumitsa chiwindi, mimba imatupa, maso amasanduka achikasu. Thupi likazolowera, munthu akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, mwinanso kukomoka. N'chifukwa chake ambiri amalephera kusiya paokha popanda achipatala. Musadziimbe mlandu kuti simunalere bwino.

Nanga mwana wanuyo ali kuti? Asilamu ndi Akhristu tonse timavomereza kuti woweruza ndi Mulungu yekha, osati anthu apamudzi. Muchitireni sadaka ya masiku 40, kapena mupemphereni Misa, ngati mwana wina aliyense. Mukumbukireni mopanda manyazi.

Inu achibale, kupepesa kusathere pa tsiku loika. Namfedwa akakhala masabata osadya, osagona, kapena akamanena zofuna kutsatira mwana wake, muperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo kapena uzani APE wa m'mudzi mwanu. Muziyang'aniranso abale ake a malemu, kuti chisoni chisawakokere ku botolo lomwelo.