Piritsi Limodzi, Mankhwala Atatu

Amayi ndi abambo, tonse timaudziwa ululu. Msana umawawa tikachoka kumunda. Dzino limatichezetsa usiku wonse. Lero tiphunzire za mapiritsi ena amphamvu oletsa ululu, amene m'kati mwake muli mankhwala atatu: paracetamol, codeine ndi caffeine. Piritsi lina lotere limakhala ndi mamiligalamu 500 a paracetamol, 8 a codeine ndi 30 a caffeine.

Paracetamol ndi mankhwala omwe aja ali mu Panado. Amachepetsa ululu ndi kutentha kwa thupi. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku. Akachuluka amaononga chiwindi, makamaka kwa munthu wokonda kachasu.

Codeine ndi m'bale wake wa morphine, mankhwala amene madokotala amapatsa odwala omva ululu woopsa. Tikameza codeine, chiwindi chimasandutsa gawo lake kukhala morphine. Morphine amapita ku ubongo ndi ku mtsempha waukulu wa mumsana. Kumeneko amatseka njira ya uthenga wa ululu. Koma amabweretsanso tulo ndi kudzimbidwa. Akachuluka, munthu amapuma pang'onopang'ono, ndipo angathe kufa.

Caffeine timamumwa kale mu tiyi ndi khofi. Amathandiza paracetamol kugwira bwino ntchito, ndipo amathamangitsa tulo. Wochuluka amathamangitsa mtima.

Tsono timvetsetse apa. Mapiritsiwa sachiza nthenda. Amangotontholetsa ululu, nthenda ili m'thupi. Malungo amapitirira. Dzino limaolabe.

Choopsa china ndi chakuti thupi limazolowera codeine monga limazolowera fodya. Tsiku lina piritsi limodzi silikwananso. Munthu akaleka, amatuluka thukuta, amasowa tulo, thupi lonse limaphwanya. Nawonso mutu ungayambe kuwawa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mapiritsi omwewo.

Choncho tigwirizane izi. Tisamwe mapiritsiwa kupitirira masiku 3 popanda kuonana ndi a chipatala. Tisawamwere pamodzi ndi mowa kapena ndi Panado wina. Tisapatse mwana wosakwana zaka 12. Mayi woyamwitsa asamwe, pakuti mankhwalawa amalowa mu mkaka wa m'mawere.

Ife tsopano tikudziwa kuwerenga. Tisanameze piritsi, tiwerenge kabokosi kake. Tifunefune mawu akuti codeine. Tiwerengerenso anzathu amene sanayambe sukulu. Ululu ukapanda kutha, tipite kuchipatala akatiyeze.